Mbira ndi Masokosi a Timu ya Pachulu

Padangokhala, muzivomera kuti tili limodzi, chipupa cha mapesi. Chipupacho chinali pakati pa nyumba ya Mbira ndi nyumba ya a Njiri, ndipo chinali chopyapyala moti a Njiri akageya, ana a Mbira ankadzidzimuka.

Tsiku lina m'mawa Mbira akukoleza moto anamva mbale ikugwa kuseri kwa chipupa.

"Mwadinda?" Awo anali mawu a Nagama, mkazi wa a Njiri, mwana wa kwa Nguluwe. "Mwadinda chiboda chanu papepala osandifunsa ine?"

"Za mpira zinayamba liti kufunsidwa kukhitchini? Ine ndine mkulu wa koleji, mayi."

"Ukuluwo tikuudziwa, umayambira pamimba. Nanga mpira wa kwathu uja?"

"Kwanu kuli chiyani? Matope basi. Ife tikulowa mu Ligi ya Akuluakulu Asanu, kumene kuli mchere."

"Asanu ake ati? Ine ndamva kuti alipo khumi ndi anayi."

"Dzina silisintha. Simungamvetse."

"Chabwino, ine sindimvetsa. Nanga njira adzalambula ndani?"

Apo Mbira anasiya kuuzira moto.

Kuderako kunali makoleji anayi oyandikana: Pachulu ya a Njiri, Kumatope ya a Nguluwe, Kumchenga ya Nkhanga, ndi Pathanthwe ya Anyani. Ankasewera mpira okhaokha mu kaligi kawo, ndipo aliyense ankadziwa wosewera amene amatsinzina mpira ukamabwera kumutu, ankadziwanso amake. Koma mpira weniweni unali wa Pachulu ndi Kumatope, kamodzi pachaka akatha kukolola. Opambana ankasenza mtondo wakale n'kusinjiramo chaka chonse.

Pakati pa midzi iwiriyo panali chitedze ndi minga zokhazokha, ndipo mvula ikagwa njira inkatseka. Ndiye mwambo unali wakuti mpira ukayandikira, osewera onse atenge makasu, awa kuyambira kwawo, awo kuyambira kwawo, mpaka akumane pakati, anyozane pang'ono, amwe thobwa. Popanda mpirawo palibe amene ankagwira khasu. Alowerenji m'chitedze munthu wopanda mtondo woti akaulande?

Mbira anali wochapa mayunifomu ndi masokosi a timu ya Pachulu. Mwana wake woyamba, Mwandida, anatengedwa chitengwa Kumatope, ndipo mbalame inali itabweretsa uthenga wakuti ali ndi pakati poyamba, masiku ake adzakwana nthawi yokolola. Mwana wako sangalowe m'chikuta koyamba iwe mayi wake uli kutsidya kwa chitedze. Ndipo Mbira, ndi timiyendo take tija, popanda njira sakanafika.

Masana a tsiku lomwelo kunatera Khwangwala, mtumiki wa ligi yaikulu, kolala yake yoyera mbee. Anaima pachitsa, nyama zonse zitasonkhana.

"Mchere umabwera ndi miimba," anatero. "Miimba imaonerera mpira ili m'mwamba, n'kukafotokoza kumaiko akutali, ndipo akutaliwo amatumiza mchere. Choncho koleji sitiiyeza ndi zigoli. Timaiyeza ndi miimba imene ikuzungulira pabwalo lake. Pano tsiku lija ndinawerenga isanu ndi iwiri. Kumatope? Olo umodzi."

A Njiri anaimika mchira. Mbira ankadziwa kuti tsiku lomwe Khwangwala ankawerengalo, wina anataya matumbo a nsomba kuseri kwa golo, koma palibe anamufunsa.

"Chinanso," anapitiriza Khwangwala, "mpira uziyamba dzuwa lili paliwombo. Miimba sidzuka kukuzizira."

Mbira anakweza dzanja. "Pepani bwana. Kwa a Njati n'kutali bwanji? Ndikufuna ndidziwe kukula kwa kamba."

"Pafupi pomwepa. Ine ndikanyamuka m'mawa, masana ndafika."

"Inu mumauluka, bwana."

Ena anaseka. A Njiri anaphulika. "Amake Mwandida, zanu n'zochapa!"

A Njiri anapeka nyimbo ya paulendo. Inkanena kuti a Pachulu asansa matope kumapazi, akupita kukanyambita mchere pambali pa akuluakulu. Wotsogolera akamaliza mzere, ovomera ankatchula mcherewo katatu uku akuponda pansi mwamphamvu. Tsiku lonyamuka ulendo woyamba anaiimba mpaka fumbi koboo, ana akuwathamangira mpaka kumapeto kwa mudzi.

Kwa a Njati anayenda masiku anayi. Kamba anatha tsiku lachiwiri. Anafika madzulo, m'mawa mwake anadzuka miyendo ili ngati misi, masana anawachinya zigoli zisanu ndi zinayi kwa duu. Pobwera nyimbo inalipo, koma kuponda pansi kunalibe.

"Mchere uli kuti?" anafunsa Nagama.

"Umabwera potha pa chaka," anayankha Khwangwala. "Ndipo udzachuluka, chifukwa ligi ikukula. Tangolandira kumene koleji ya a Fulu."

"A Fulu asewera ndi ndani?"

"Ndi a Mbidzi. A Fuluwo ananyamuka mwezi watha. Tikuwadikirabe."

Mbira anapita kwa a Njiri, n'kugwada bwinobwino. "Bambo, mundibwerekeko anyamata anayi ndi makasu, masiku atatu okha. Mwana wanga masiku akuyandikira."

"Anyamata anga si aganyu. Ziboda zawo tsopano ndi za ligi."

"Ziboda zake zong'alukazi?"

"Tulukani."

Ulendo wachiwiri unali wa kwa a Nyamalikiti, masiku asanu ndi limodzi. Kumeneko mpira sunatsike pansi. A Nyamalikiti ankangopatsirana ndi mitu m'mwambamo, anyamata a Pachulu akuthamanga kunsi atayang'ana kumwamba ngati akudikira mango. Pobwera nyimbo ankaimba goloboyi yekha, ndipo pofika pamawu a mchere ankangotsokomola.

Kenako kunabwera a Mvuu kudzasewera Pachulu. Bwalo linali pululu. Amayi anatsalira kumunda. Nagama anati, "Ndikachemerere chiyani? Wosewera amene sindiwadziwa amake ndimunyoza bwanji?" A Mvuu anapambana, koma anafika khungu litang'aluka ndi dzuwa la m'njira, ndipo mkulu wawo anadzagwera m'dziwe lomwe Mbira ankachapira.

"Mayi," anatero akupuma movutikira, "masiku asanu kuyendera kabwalo aka? Akadzangowonjezanso timakoleji ngati kano, ine sindidzasunthanso phazi. Ndi a Njati omwe atero."

Mbira anati, "Pepani bambo," n'kusunga mawuwo.

Ulendo wachitatu sitiunena, ngwomvetsa manyazi. Koma atabwera, masokosi amene anamutulira Mbira sanali masokosi. Anali ndi magazi, mafinya ndi thukuta la masabata awiri. Anawakhuthula pamwala, n'kubwerera kunyumba kukatenga sopo atatseka mphuno. Pobwera anaona zithunzithunzi zikuyenda pansi. Atakweza maso, miimba yoposa makumi awiri inali ikuzungulira, ina itayamba kutsika.

Khwangwala anatera ali wefuwefu. "Mwaona? Mwaona, mayi? Pachulu yatchuka! Itanani a Njiri!"

Mbira anayang'ana miimba. Anayang'ana masokosi. Anayang'ananso Khwangwala, kolala yake yoyera ija.

"Zoonadi bwana," anatero. "Tatchuka."

Sopo anamubwezera m'nyumba. Masokosi onse anawatsendera mumtsuko, n'kumata pakamwa pake ndi dothi, n'kuuika padzuwa kuti zipse bwino.

A Njiri atafunsa masokosi, iye anadabwa. "Bambo, simunaone? A Njati amavala masokosi? A Mvuu amavala? Masokosi ndi a timaligi ta kumudzi."

A Njiri anaganiza pang'ono. "Ndimafuna kunena zomwezo," anatero, n'kulamula kuti kuyambira lero aliyense azisewera ziboda zili pamtunda.

Mbira anawerenga bwino m'mutu mwake. Kulowetsa Kumatope yokha sikukanathandiza, chifukwa mu ligi yaikulu chotero mungathe zaka zitatu osakumana ndi mnansi wanu. A Nguluwe akanangotumizidwa kwa a Nyamalikiti nawonso. Pankafunika kudzaza ligiyo mpaka akuluakulu atope.

Anayamba ndi Kumchenga, kumene njira yake inali yabwino. Anapita ngati wokapempha mbewu ya nyemba, n'kukwirira masokosi asanu ndi limodzi m'zinyalala kuseri kwa golo. Dzuwa litatentha anali atabwerera kale, akuyanika mayunifomu pafupi ndi pomwe Khwangwala ankakonza nthenga.

"Bwana, inu muli ndi maso. Chakuda chija ku Kumchengako ndi mvula?"

Khwangwala anasuzumira. "Miimba! Kwa Nkhanga? Zatheka bwanji?"

"Kaya. Koma ndamva kuti a Nkhandwe, a ligi ina yopikisana nanu, anadya nkhomaliro komweko dzana."

"A Nkhandwe? Akufuna atilande?"

"Ine zanga n'zochapa, bwana."

Dzuwa lisanalowe Nkhanga zinali zitadinda.

Patapita sabata anapita Pathanthwe ngati wokaona matenda. Kumeneko anapachika masokosi mumphako ya mtengo wa pambali pa bwalo. Anyani ananunkhiza, n'kuyamba kulozana okhaokha kuti ndani sanasambe.

"Bwana," anatero Mbira atabwerera, "lero mvula ija ili kwa Anyani."

"A Nkhandwe afikanso kumeneko?"

"Ndamva kuti anasiyako chipewa."

Khwangwala anauluka osatsanzika. Anyani anadinda ndi manja onse awiri, ena ndi mapazi omwe.

Kunatsala Kumatope, ndipo chimanga chinali chitayamba kuuma m'minda. M'mawa a Njiri asanadzuke, Mbira anayandikira chipupa n'kunong'ona pamng'alu.

"Achemwali, muli maso?"

"Ndani angagone ndi mkonono uwu?" anayankha Nagama.

Mbira anamufotokozera zonse. Nagama anaseka mpaka anadziluma dzanja.

"Inu khungu lanu ndi lolimba," anatero Mbira. "Chitedze chikuyabwani koma mudutsa. Chofunika n'chakuti muyambane ndi bambo, mukwiye, mumange katundu, muzipita kwanu. Mtsuko muusenze ngati ndi wanu."

"Kuyambana sikulira kupangana, amake Mwandida. Ndikungodikira adzuke. Koma bwanji ndingokuberekani tipitire limodzi?"

"Chitedze chimalendewera pomwe pali msana wanupo. Ndikafika maso atatupa, mwana ndikamuona ndi chiyani? Komanso ang'onoang'onowa ndiyenera kumabwera kudzawaona. Ine ndikufuna njira."

A Njiri anadzuka n'kufunsa phala.

"Phala lopanda mchere mulimwa?" anafunsa Nagama.

"Mwayambatu."

"Sindinayambe. Poyamba mudziwa. Anyamata a eni mwawayendetsa mpaka ziboda kutha. Mabuku anasiya kalekale, amalemba mayeso ali pansi pa mtengo kwa a Nyamalikiti. Ndiye mwabweretsa chiyani? Nyimbo!"

"Ngati kuno kwakuipirani, pitani kwanu kumatope!"

"Mwanena nokha. Amake Mwandida, mwamvatu, anena okha!"

"Ndamva!" anayankha Mbira kuseri kwa chipupa, kenako n'kudzitseka pakamwa.

Nagama anasenza mtsuko n'kulowa m'chitedze mutu uli pansi. Anakafika akudzikanda ngati wamisala, koma anafika. Tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo anaswa mtsuko wonse pakati pa bwalo la Kumatope, n'kufotserapo udzu. Zinali zitapsa miyezi iwiri. Miimba inachokera kumaiko amene ngakhale Khwangwala sankawadziwa. Kumwamba kunada bii.

Ulendo uno Mbira sanafunse n'komwe za mvula. Anangoona Khwangwala akudutsa pamwamba pa nyumba, akukuwa kuti a Nkhandwe asayerekeze. Madzulo ake a Nguluwe anali atadinda.

Msonkhano wa ligi unachitika kwa a Njovu, amene anali wapampando. Mbira anapita nawo ngati wonyamula madzi a a Njiri. Khwangwala anaima monyada n'kulengeza kuti Ligi ya Akuluakulu Asanu tsopano ili ndi makoleji makumi awiri ndi anayi.

A Mvuu anadzuka. "Ndinanena ine. Kumchenga sindipita, Pathanthwe sindikwera."

"Kumatope kulibe ndi njira yomwe," anatero a Njati. "Ife tiziyenda chaka chonse kukachinya tinyama toti tikhoza kutiponda mwangozi?"

"Koma miimba, mabwana!" anatero Khwangwala.

"Miimbayo ikasewere ndiyo."

A Njovu anakupiza makutu nthawi yaitali, monga amachitira akuluakulu akafuna kuti muganize kuti akuganiza. Kenako anagamula. "Anayi a kuderalo ndi oyandikana. Azisewera okhaokha. Wopambana adzabwere kuno potha pa chaka, timuchinye kamodzi."

Khwangwala anaombera mapiko. "Nzeru zatsopano! Tizitcha Chigawo Chachinayi cha Kumunsi cha Ligi ya Akuluakulu Asanu. Ndipo mpira wotsegulira ukhale Kumatope, kumene miimba inadetsa dzuwa. Pachulu ipite kumeneko sabata yamawa."

A Njiri anakhosomola. "Bwana wapampando, kulibetu njira."

"Makasu mulibe?" anafunsa a Njovu.

"Anyamata anga ziboda zinang'aluka."

"Zanu zili bwino. Mutsogole ndinu."

Ndiye taonani a Njiri, mkulu wa koleji, khasu m'manja, chitedze chikuwathothokera m'khosi. Kumbuyo kwawo anyamata akutsimphina, kumbuyo kwa anyamata amayi ndi mitsuko ya thobwa. Amayiwo anatola nyimbo ija ya paulendo. Chuni anasiya chomwecho, koma mawu anawatembenuza: tsopano inkanena za bambo wina amene anayenda mpaka kumathero a dziko kukafuna mnansi yemwe anali kuseri kwa nyumba yake. Pamalo potchula mchere katatu, ankafunsa katatu kuti uli kuti, uku akuponda pansi, ndipo kuponda kwake kunali kwamphamvu kuposa kwa tsiku loyamba lija.

Tsiku lachitatu makasu anagundana pakati. A Nguluwe anatsamira khasu lawo n'kuyang'ana a Njiri kuyambira kumutu mpaka kuziboda.

"Alamu, mwaondatu. Mcherewo ukukutsegulani m'mimba?"

"Zonsezi ndinazikonza ndine," anatero a Njiri akudzikanda. "Ndimafuna nanunso mulowe mu ligi yaikulu."

"Zikomo kwambiri. Ndiye mu ligi yaikuluyi tizisewera ndi ndani?"

"Ndi ife, ndi Nkhanga, ndi Anyani."

"Ooo. Zasinthadi."

Mbira sanadikire thobwa. Anadutsa pakati pa miyendo yawo, kamtolo ka nsalu ndi ufa wa phala kali pamutu, n'kuthamanga timiyendo take tija mpaka pakhomo pa asewere ake. Anapeza Mwandida atagwira mzati wa khonde, akupuma ndi pakamwa.

"Amayi, ndimati simubwera."

"Khala chete, sunga mphamvu. Madzi ali pamoto?"

Tsiku la mpira, wezulo ikulira kubwalo, m'nyumbamo munalira tiana tiwiri. Mbira mpirawo sanauone. Anangomva kuti miimba sinabwere ndi umodzi womwe, chifukwa Nagama anali atakolopa bwalo, ndipo Khwangwala anakhala tsiku lonse khosi lili m'mwamba. Bwalo lokha linadzaza mpaka m'mitengo. Amayi anachemerera, ananyoza, aliyense anamutchulira amake. Pachulu inagonja zigoli ziwiri kwa chimodzi, mtondo unatsala Kumatope, ndipo Nagama anabwerera kwa mwamuna wake pa njira yatsopano, akuyenda patsogolo.

Mbira anakhala m'chikuta mpaka michombo itagwa. Pobwera, asewere ake anamumangira kamchere m'kansalu, kochokera m'chigulu, dothi lawo lamchere la kalekale. Anafika kunyumba masana, ana ake akumulumphira, ndipo asanatule n'komwe anamva chipupa chikulankhula.

"Wabwera?" Anali Nagama. "Mchere wa ligi wabweradi? Bwerani nawoni, futali ali pamoto."

"Mudekhe, mayi," anatero a Njiri. "Agawa pa makoleji makumi awiri ndi anayi. Komanso a Njovu amayamba atapa chifukwa ndi wapampando, a Khwangwala chifukwa cha mapiko."

"Masulani tsambalo."

Kunamveka tsamba likumasulidwa.

"Uli pati?"

"Apo, pafupi ndi mtsempha wa tsamba."

"Aka? Ndimayesa dzira la nyerere."

"Musayandikire kwambiri, mungaupumire." Koma chitedze chinali chisanawathere m'mphuno a Njiri. Anayetsemula kamodzi kokha, chipupa chonse chinagwedezeka.

"Chaka chonse," anatero Nagama pang'onopang'ono. "Chaka chonse chapita ndi chimfine."

"Chaka chamawa udzachuluka. Akuti ligi ikukulanso, a Fulu akangofika."

"Bambo, sambani m'manja."

Mbira anamva mapesi akusuntha. Pamng'alu paja panatulukira mphuno ya Nagama.

"Amake Mwandida, ndikudziwa mwamva zonse. Tigawireni kamchere."

Mbira anamasula kansalu, anatapa ndi zala zitatu n'kupatsira pamng'alupo. Anamva mthiko ukutakasa, mbale zikuikidwa pamphasa, a Njiri akukhala pansi ndi kubuula.

"Wakoma," anatero a Njiri pakamwa patadzaza. "Ndi wa kuti mchere umenewu?"

"Wa Kumatope. Idyani."

Ndipo anadya mbale imodzi.

Nthano yathera m'mbale ya futaliyo. Amene anasiya mbatata yake pamoto athamange, ikupserera.